Miyezi Iwiri Imene Ndinabisa

Kwathu kuno kumapiri a Dambe, mkazi akakhala ndi pakati amayi a mpingo amabwera kudzafunsa mwezi. Miseche imatsatira pambuyo, koma chimene amafunsira kwenikweni ndi machila. Mudzi wathu uli pamwamba, msewu uli pansi, ndipo pakati pake pali kanjira ka miyala kamene ngakhale njinga yamoto imakakana mvula ikagwa. Machila tili nawo amodzi okha, nsungwi ziwiri ndi matumba osokedwa pamodzi, ndipo amasungidwa kuseri kwa guwa m'tchalitchi. Mwezi wa munthu ukayandikira machilawo sabwereketsedwa kwina, ndipo amuna anayi amauzidwa kuti asamapite kutali. Ndi dongosolo labwino. Munthu asadzanene kuti ine ndinalinyoza. Ndinangolinamiza basi.

Mdzukulu wanga ndinamulera ndekha kuyambira ali ndi zaka zinayi, amayi ake atamwalira. Anakula ali wofatsa, womvera mopitirira muyeso, ndipo ine ndinkanyadira kumverako. Anakwatiwa ndi mwamuna wa kutsidya kwa mtsinje, mmisiri womanga nyumba, amene ntchito yake inali ku Blantyre ndipo kuno ankabwera mwa apo ndi apo. Anamanga kanyumba kake pakhomo panga monga mwa mwambo wathu. Ndinkamutcha amuna athu, mdzukuluyo ndikumutcha mkazi mnzanga, tonse n'kumaseka. Koma akanyamuka kubwerera kutauni ndinkapita kukaona ngati makasu anga onse alipo. Sanandibereko kanthu. Ndimatero ndi aliyense.

Anthu amati ndinabadwa wokayikira, koma sanalipo pamene ndinkaphunzira kukayikirako. Ndili mtsikana ndinapita padera kawiri. Mimba yoyamba ndinauza mlamu wanga mwezi wake, sabata lisanathe inachoka. Yachiwiri ndinauza mnzanga amene tinkasinja mtondo umodzi, nayonso inachoka. Yachitatu sindinauze munthu, ngakhale mwamuna wanga, ndipo anabadwa mwana wamoyo, amene anadzakhala mayi wa mdzukuluyu. Kuyambira pamenepo ndinadziwa zimene ndinadziwa. Kutchalitchi amatiphunzitsa kuti palibe munthu angamange mimba imene Mulungu wailola, kuti zonse zili m'manja mwake, zazikulu ndi zazing'ono. Ndinkavomera ndi mtima wonse tsiku Lamulungu. Likafika Lolemba ndinkatseka pakamwa, poganiza kuti Mulungu sangakwiye ndi munthu womuthandiza kulondera.

Mdzukulu wanga ataima, ndinkamuperekeza ndekha kusikelo, ndipo tinkasankha masiku amene akazi a m'mudzi mwathu sapita. Anamwino analemba m'buku lake kuti mwana adzabadwa chakumapeto kwa Epulo. Buku limenelo ndinalikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuliika pansi pa bokosi langa, pansi pa nsalu imene ndinasunga kuti adzandiikire. Mimba yake inali yaing'ono, yoyamba, ndipo akamanga chitenje m'mwamba munthu sakanadziwa msanga.

Amene amasunga kope la miyezi ndi amayi atcheya a chigulu cha amayi. Ndi msinkhu wanga, tinavinidwa chaka chimodzi, ndipo tinakanganapo kale pa malire a dimba. Nkhaniyo inatha pakamwa, koma ine sindinaiwale kumene anasunthira mwala. Anafika madzulo ena ndikusankha nyemba pakhonde, anakhala pansi asanapatsidwe mphasa, n'kutsegula kope lawo.

"Nanga mkazi mnzanuyu tikumuyembekeza liti?"

"Juni," ndinatero.

"Juni? Mapazi akewo akuoneka ngati a munthu woyandikira."

"Ndi mchere umenewo. Amanyambita mchere ngati mbuzi."

Anaseka, analemba, anatenga nyemba zodzaza dzanja n'kunena kuti akufuna mbewu. Ndinayang'ana dzanjalo mpaka analowetsa m'thumba. Atachoka, mdzukulu wanga anatuluka m'nyumba momwe ankamvetsera, n'kundifunsa chifukwa chimene ndanamizira anthu a Mulungu. Ndinamuyankha kuti Mulungu mwini wake mweziwo akuudziwa, ena onse alibe nawo ntchito. Ndinamuuzanso kuti mwamuna wake akaimba foni amuuze Juni yemweyo, chifukwa chimene mwamunayo wamva m'mawa, amayi ake amakhala atachimva dzuwa lisanalowe, ndipo ine asewere angawo sindinawakhulupirirepo. Mwanayo anayang'ana pansi. Kenako anati chabwino agogo. Mwamunayo anapempha tchuthi cha Juni kwa abwana ake.

Ulendo womaliza wa kusikelo, anamwino anamuyeza kawiri pamkono n'kundiitana kuti ndilowe. Anati magazi a mwanayu akuthamanga kwambiri, ndipo Epulo akangoyamba tibwere kuchidikiro, kunyumba imene akazi a kutali amakhala pafupi ndi chipatala podikira tsiku lawo. Anabwereza kuti tisachedwe. Ndinavomera, ndipo pamene ndinkavomerapo ndinali wotsimikiza.

Koma kupita kuchidikiro si kupita mobisa. Umasenza mtolo wa nkhuni, poto, beseni, ufa, bulangete, n'kudutsa pakati pa mudzi. Ngakhale mwana woyamwa amadziwa kumene mukupita. Ndikanadutsa bwanji ndi beseni pamutu pakhomo pa amayi atcheya, amene m'kope mwawo munali Juni? Ndinaganiza masiku angapo mpaka ndinapeza nzeru imene ndinaiona ngati yochokera kumwamba. Chaka chimenecho msonkhano wa Pasaka unali kumpingo wa kuseri kwa phiri, ulendo wa theka la tsiku, ndipo mudzi wonse unkanyamuka Lachinayi kukabwera Lamulungu madzulo. Ndinati tidzanyamuka Loweruka m'mawa, m'mudzi mulibe maso. Kunali kuchedwa ndi masabata awiri pa zimene ananena anamwino. Ndinati masabata awiri si kanthu. Mdzukulu wanga ankadandaula mutu, ine n'kumamuphikira masamba a mandimu.

Lachinayi m'mawa anthu akusonkhana, amayi atcheya anapatukira kwathu atavala kale zoyera. Anati pali mkulu wina wokalamba amene miyendo inamuleka, ndipo walira kuti akufuna akaone msonkhano komaliza, choncho aganiza zomunyamula pamachila. Ayang'ana m'kope, palibe woyandikira.

"Inu muli Juni, eti?"

Pamenepa ndi pamene ndimabwererapo tsiku lililonse. Dzuwa linali litatuluka, nkhuku zinkatola pabwalo, mdzukulu wanga anali atakhala pakhonde miyendo atatambasula, mapazi otupa ali poyera. Palibe anandigwira pakhosi. Ndinali ndi mpata wonse.

"Juni," ndinatero. "Pitani nawoni."

Ndinawaona akukwera phiri akuimba, machila ali pakati, mkulu uja atafunda bulangete lofiira. Mumtima ndinati zayenda.

Loweruka kunacha ndi nkhungu. Katundu ndinali nditamanga kale. Ndinalowa m'khola kumasula mbuzi, ndipo potuluka ndinapeza mdzukulu wanga atagwira mzati wa khonde ndi manja awiri, chitenje chake chitada kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi. Sankalira. Anangoti agogo, mimba yauma ngati mwala. Ine ndabereka, ndathandizapo ena kubereka, ndipo ndinadziwa kuti magazi otere si a kubereka.

Ndinathamanga nyumba ndi nyumba. Ndinagogoda pazitseko za anthu amene zaka zonsezi sindinkalandira ngakhale madzi akumwa m'manja mwawo. Paliponse loko. M'mudzi monse munatsala gogo wina wosaona ndi tiana tiwiri tomusunga. Ndinafika mpaka kutchalitchi, ndikudziwa bwino kuti machila kulibe, ndinasuzumira kuseri kwa guwa n'kuona fumbi lokha pamene amakhala. Ndinakwera pamwala pamene foni imagwira, ndinaimbira mwamuna wake. Anayankha ali pamwamba pa nyumba ya eni ake, ndikumva phokoso la nyundo. Nditamuuza, anati, "Koma agogo, si Juni kodi?" Ndinadula. Wanjinga yamoto wa m'mudzi mwathu anali kumsonkhano komweko, foni yake yosagwira.

Kumunsi kwa mudzi, pamene msewu umawoloka kamtsinje, panali lole ya mbatatesi imene inatitimira m'matope kuyambira Lachinayi. Mwini wake ndi bambo wina wachisilamu wa sitolo kumsika, amene amagula mbatatesi m'midzi muno. Ine ndinali ndisanamugulitsepo, ndipo ndinanenapo pagulu kuti sikelo yake imanama, ngakhale umboni ndinalibe. Ndinatsetsereka njira ya miyala ija, ndinagwa kawiri, ndipo nditafika ndinapeza iye ndi antchito ake atatu ali matope okhaokha, atangotulutsa kumene tayala lomaliza. Injini inali ikulira kuti azipita. Akanatulutsa tayalalo msanga pang'ono, ndikanapeza mayenje okha.

Sanandifunse zambiri. Anazimitsa injini, anakwera nane onse anayi. Atafika anayang'ana uku ndi uku kufuna chonyamulira, ndipo mmodzi anatenga khasu langa n'kuzula chitseko cha nyumba yanga, chitseko cha maloko awiri chimene ndinachikhomera ndekha. Anamugoneka pamenepo. Potsetsereka mwini lole uja ankangonena kuti pang'onopang'ono, pang'onopang'ono, ndipo maloko aja ankagunda thabwa njira yonse. Pamsewu anatsitsa matumba ena n'kuwasiya m'matope kuti apeze pomugoneka. Nyumba yanga inatsala yopanda chitseko masiku asanu ndi anayi. Nditabwerera sindinapeze chosowa ngakhale supuni, ndipo sindinadziwe chochita nacho chimenecho.

Kuchipatala chathu chaching'ono anamwino omwe aja anatilandira. Anandiyang'ana kamodzi kokha, anathamangira kukaimba foni. Anamuika madzi pamkono, ambulansi inabwera, tinapita ku Boma. Kumeneko anamulowetsa msangamsanga, ine anandisiya pabenchi ndi beseni langa pamiyendo. Dzuwa litapendeka dokotala anatuluka, anavula chophimba pakamwa, anandiuza zinthu zitatu. Mayi ali moyo. Mwana anafera m'mimba tisanafike. Magazi anakana kuleka, choncho achotsa chiberekero. Ndinafunsa ngati tanthauzo lake n'lakuti sadzaberekanso, ngati kuti panali tanthauzo lina. Anati inde. Mdzukulu wanga anali ndi zaka makumi awiri.

Lamulungu m'mawa amayi atcheya anafika ku Boma panjinga yamoto, zoyera zawo zili zofiira ndi dothi la m'njira. Uthenga unawapeza kumsonkhano. Mwana wobadwa wakufa kwathu saikidwa ngati maliro ena. Palibe bokosi, palibe nyimbo, amuna sapita, ndipo kulira n'koletsedwa. Amayi achikulire okha ndi amene amamutenga. Anatipatsa mwanayo atakulungidwa m'chitenje chimene ndinagula ndekha n'kuchibisa miyezi itatu. Amayi ena awiri odikirira odwala awo anatiperekeza kumalo oikako ana otere, ndipo ali patsogolo ndi khasu, amayi atcheya anaima pansi pa mtengo kuti akonze nsaluyo bwino. Anaitsegula. Anali mwamuna, tsitsi lodzaza mutu, masaya onenepa. Anatenga kadzanja kake n'kuyang'ana zikhadabo, zimene zinali zitapitirira nsonga za zala.

"Mwana wa miyezi isanu ndi iwiri sakhala chonchi, mayi," anatero motsitsa mawu.

Anandiyang'ana, ndinawayang'ana. Kenako anakulunga mwanayo mosamala, anamanga mfundo, anamunyamula okha mpaka kudzenje.

Ndinadikira kuti mudzi wonse umve. Ndinakonzekera maso awo, ndinakonzekera asewere anga, ndinakonzekeranso bwalo. Koma titabwerera ndinapeza nkhani ina itafika kale. Mwana anafulumira ndi miyezi iwiri, palibe akanadziwa. Ananena choncho ndi amayi atcheya, ndipo ndani akanatsutsa mwini kope? Anthu ankabwera ndi nkhuni ndi ufa, ankakhala pakhonde langa n'kumandipepesa. Ankati musadzivutitse agogo, inu munawerenga bwino, koma Mulungu ali ndi kawerengedwe kake. Mkulu amene ananyamulidwa pamachila uja anatumiza uthenga wopempha kuti ndimukhululukire, akuti kukakamira kwake ndi kumene kunachotsa machila m'mudzi. Anamwalira chaka chomwecho akuganiza choncho. Ndinapita kumaliro ake, ndinaphika nawo.

Nkhani ya lole ndiyo inakula kuposa zonse. Abusa anailalikira, ndipo inafika mpaka kumipingo ina. Ankati taonani mmene Ambuye amakonzeratu njira mavuto asanafike: anagwira tayala la lole Lachinayi, analisunga m'matope masiku awiri, analimasula pa ola lenileni, ndipo anagwiritsa ntchito munthu amene sapemphera nafe. Mpingo unkavomera ndi mawu amodzi. Ine sindikutsutsa. Ndinalipo, ndinamva injini ikulira, ndikudziwa kuti panatsala pang'ono. Amene anagwira tayala lija si munthu. Koma ndikakhala pabenchi langa lakumbuyo, pamene ndimaona khomo ndi mawindo onse, funso limodzi limandidya. Lachinayi lomwelo limene Iye anagwira tayala kumtsinje, ine ndinali pabwalo langa ndikunena kuti Juni. Kuchokera kumtsinje kufika pabwalo langa si patali kwa Iye. Amene angathe kugwira lole yodzaza mbatatesi analephera bwanji kugwira lilime la nkhalamba imodzi? Ngati sanalephere, ndiye kuti anandiyang'ana ndikunama, anandisiya, n'kutsetsereka kukakonza lole.

Patapita miyezi ndinalephera kupirira. Ndinapita kwa abusa masana a Lachitatu, nditaonetsetsa kuti amayi busa apita kuchigayo. Ndinawauza zonse, za buku, za kope, za machila. Ndinkafuna andikalipire. Ndinkafuna andidule mumpingo, andiimike kutsogolo, kuti chinthuchi chikhale ndi mwini. Anamvetsera osandidula mawu, ndipo nditamaliza anapukuta magalasi awo nthawi yaitali. Anati tchimo langa ndi lenileni, ndilape, ndipo chikhululuko chilipo ngakhale cha zotere. Anatinso masiku a mwana uja anali odziwika kwa Mulungu ine ndisanabadwe, ndipo palibe chimene chinamudzidzimutsa Iye tsiku limenelo.

Ndinawafunsa kuti tsono wapha mwanayu ndani, ine kapena Iye.

"Bodza linali lanu, agogo," anatero. "Tsiku linali lake. Kupitirira pamenepo inenso sindidziwa."

Anapemphera nane, ndipo pemphero lake linali labwino. Ndinatuluka ndi katundu yemwe ndinalowa naye, atangogawidwa pawiri, ndipo mbali zonse ziwiri ndinasenza ndine. Akanati wolakwa ndine ndekha, bwenzi nditatsala ndi Mulungu woyera woti ndimulirire. Akanati zonse ndi Iye, bwenzi nditagona tulo, ngakhale ndikanamuika m'gulu la onse amene ndimawayang'anira m'manja. Anandikaniza zonse ziwiri. Zaka zanga zonse ndinali ndi mmodzi yekha amene sindinkamuwerengera makasu akachoka, ndipo tsopano ndinayamba kumuyang'ana nayenso.

Mdzukulu wanga anachira pang'onopang'ono. Bala linapola, anayamba kutunga madzi, koma mawu ake anachepa. Sanandinenepo kwa munthu, ngakhale kwa mwamuna wake, amene anabwera Lolemba la pambuyo pa Pasakayo maso ali ofiira ndipo mpaka lero amati akanadziwa kuti mwana angafulumire akanapempha tchuthi msanga. Amayi ake a mwamunayo anayamba kulankhula zoti mwana wawo sangafe wopanda mbewu, poyamba monong'ona, kenako pachitsime. Ndinawakayikira zaka zonse popanda chifukwa, ndipo chifukwacho ndinadzawapatsa ndekha.

Pa tsiku la zokolola, pamene aliyense amabwera ndi chake kudzathokoza, abusa anapempha mdzukulu wanga kuti aime anene zimene Ambuye anamuchitira. Anaima atavala chitenje chatsopano, anathokoza chifukwa cha lole, chifukwa cha amuna anayi aja, chifukwa cha manja a madokotala. Anati ali moyo chifukwa Mulungu anafuna. Mpingo unaimba. Ine ndinaika dengu langa la mbatatesi kutsogolo monga ena onse. Amayi atcheya anali pambali pa guwa akulandira madengu, ndipo polandira langa zala zathu zinakhudzana. Sanandiyang'ane n'komwe.

Tikubwerera kunyumba, pa njira ya pakati pa minda ya tirigu, mdzukulu wanga anandipempha buku lake la kusikelo. Titafika ndinatsegula bokosi, ndinachotsa nsalu yanga ya maliro, ndinamupatsa. Anakhala pakhonde pomwe paja, anatsegula tsamba limene anamwino analemba tsiku loti tipite kuchidikiro, atalizunguliza ndi cholembera chofiira. Analiyang'ana nthawi yaitali. Ndinayamba kulankhula, sindikudziwa chimene ndinkafuna kunena, koma anandiletsa ndi dzanja.

"Ine ndimatha kuwerenga, agogo. Tsikuli ndinkalidziwa. Njira ya kuchipatala ndinkaidziwa, miyendo ndinali nayo." Anatseka bukulo. "Koma munati tidikire, ndiye ndinadikira. Ndinkati agogo sangalakwitse, iwo amaona zonse."

Sanakweze mawu. Sabata lotsatira mwamuna wake anabwera kudzamutenga kupita naye ku Blantyre, akuti asinthe mphepo. Ndinamumangira ufa ndi nyemba. Potsanzika anagwada monga mwa masiku onse, anati tsalani bwino agogo. Sanatchulenso za mkazi mnzanga, ndipo ine sindinayerekeze. Kanyumba kawo kali pomwepo, denga layamba kugwa mbali imodzi. Amaimba foni pakapita miyezi, amafunsa za mbuzi ndi za miyendo yanga. Mwamunayo sanamusiye mpaka pano. Ndikati ndifunse ngati amayi ake apambana pa zomupezera mkazi wina, mawu amandithawa, chifukwa nanenso ndikudziwa kuti munthu akhoza kuyankha bwinobwino pafoni zinthu zili zina.

Papita zaka zitatu. Amayi atcheya sananenepo kanthu, kwa ine kapena kwa wina. Poyamba ndinkati akusunga nkhaniyo kuti adzaitulutse tikadzakangananso za dimba. Chaka chatha ndinasuntha mwala wa malire dala, kuti ndione. Anaubwezera pamalo pake m'mawa mwake, anandipatsa moni, anapitiriza kupalira. Sindikudziwa chimene akufuna kwa ine. Abusa akuti mwina safuna kanthu, akuti chifundo chimakhala choncho. Ine chifundo chosafuna kanthu sindinachionepo, ndipo chikundisowetsa mtendere kuposa chipongwe.

Kutchalitchi ndimapitabe, sindinajombepo. Ndimakhulupirira kuti Iye ndi wolamulira zonse. Kale ndinkanena mawu amenewa ngati nyimbo, lero ndimawadziwa ngati mmene munthu amadziwira moto atauponda. Popemphera sindipempha zambiri. Ndimangomuuza kuti ndikumuona, ndipo ndikudziwa kuti nayenso akundiona.

Chaka chino mtsikana wa nyumba yoyandikana nafe ali ndi pakati poyamba. Ndakhala ndikumuyang'ana mapazi ndi kayendedwe akamapita kuchitsime. Tsiku lina ndinalephera kudzigwira, ndinapita kwa amayi ake n'kufunsa mwezi. Anayang'anana ndi mwana wawo, anamukokera chitenje m'mwamba, anati Ogasiti. Si Ogasiti. Mwana ameneyo safika kumapeto kwa Juni. Ndinawauza choncho, ndinati musabise, pitani kuchidikiro msanga, anthu aone beseni pamutu palibe kanthu. Madzulo ake ndinamva amayi akewo akuuza mtsikanayo kuti asamadutsenso pakhomo panga, akuti nkhalamba imene mdzukulu wake anataya chiberekero ikufuniranji mwezi wa ana a eni ake.

Ndinapita kwa amayi atcheya, koyamba kulowa pakhomo pawo popanda maliro. Ndinawauza kuti m'kope mwawo afufute Ogasiti alembe Juni. Anandiyang'ana monga anandiyang'anira pansi pa mtengo uja, anatenga cholembera, anafufuta. Sabata yamawa kuli ukwati kutsidya, ndipo ena ayamba kale kunena zobwereka machila kuti anyamulirepo gogo wa mkwati. Machilawo ndawatenga ndawaika m'nyumba mwanga, kuseri kwa chitseko chija, chimene anandikhomereranso chopendama. Anthu akuti ndapenga, ena akuti ndikufuna kuwachitira mankhwala. Anene. Mwina Mulungu wakonza kale lole ina kumtsinje, mwina sanakonze. Iye sandiuza, ndipo ine sindichoka pakhomo mpaka mtsikanayo atatsika phiri.